Odi! Odini! Mowa wa Jul, nyanga ya Thor ndi zining'a za anthu a kumpoto

Malume Thobwa: Odi kuno ku gulu!

Nambewe: Odini malume.

Malume Thobwa: Ndimafuna muyankhe chomwecho. Mosadziwa mwatchula dzina la mulungu wa anthu akale a ku Norway. Odin! Ndiyetu akuti mkulu ameneyu ntchito yake inalinso yomweyo, kuyenda m'makomo mwa anthu ngati mlendo, chipewa chitaphimba diso limodzi. Koma funso langa likupita kwa a Mwana wa Bergen, amene ali ku Norway komweko, poti nyengo ya zisangalalo yayandikira. Kodi n'zoona kuti mawu aja mumafuula pogundanitsa matambula, skål, amatanthauza chigaza cha munthu? Ndamva kuti ma Viking, ankhondo apanyanja akale a kumeneko, ankamwera mowa m'zigaza za adani awo. Ngati zili choncho bwererani kumudzi mutu udakali pakhosi.

Mwana wa Bergen: Kkkk malume, mutu wanga uli bwinobwino. Skål ndi mbale basi, kapena chikho chachikulu. Amatchula ngati "sikolo" koma mothamanga. Kale mowa unkazungulira m'mbale imodzi kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, ndiye dzina la mbaleyo linatsalira pa mwambo wake. Mpaka lero kambale kodyera phala ndi skål. Chimene anthu kuno sakhululuka ndi maso. Ukakweza tambula umuyang'ane mnzako m'maso, umwe, umuyang'anenso usanaike pansi. Kwa ife amene tinaleredwa kuti mwana sayang'anitsitsa mkulu, mayeso ake ndi amenewo.

Kachasu FC: Sikolo imeneyo ine ndikanakhoza ndi ma distinction okhaokha.

Nambewe: Nkhani ya zigazayi ili ndi gwero lake ndithu, sinagwe kumwamba. Pali ndakatulo ya m'zaka za m'ma 1100 yotchedwa Krákumál. M'menemo ngwazi ya ma Viking, Ragnar Lodbrok, akulankhula ali m'dzenje la njoka momwe mfumu Ælla ya ku Northumbria, ku England, inamuponya, akudikira imfa. Akunena kuti posachedwa akamwa mowa kwa Odin kuchokera mu "bjúgviðum hausa", kutanthauza mitengo yokhota ya pa chigaza. Tsono funsani mwana aliyense woweta ng'ombe: ndi mtengo wanji wokhota umene umamera pamutu?

Naphiri wa ku Bristol: Nyanga!

Nambewe: Basi. Ankamwera m'nyanga za ng'ombe. Koma mu 1636 dokotala wina wa ku Denmark, Ole Worm, anatulutsa buku m'Chilatini momwe mzere umenewu unamasuliridwa ngati kuti ankamwera m'zigaza zenizeni. Azungu a m'mayiko ena anawerenga Chilatinicho, bodza n'kumera mizu. Taonani, zaka pafupifupi 400 zapita, lafika mpaka kwa malume athu.

Malume Thobwa: Inetu ndangofunsa, musandiike m'gulu la a Worm.

Che Ndagi: Amayi Nambewe, chimene mwafotokozachi ndi chining'a chenicheni. Wolankhula akuzungulira dala, womva wanzeru agwire yekha. Wopusa akatola mawu monga momwe agwera, ndi ameneyo akupita kukafukula zigaza.

Nambewe: Eya, iwo amati kenning. Alakatuli awo sankakonda kutchula chinthu ndi dzina lake. Ngalawa ankati kavalo wa panyanja. Golide ankati misozi ya Freyja, chifukwa mulungu wamkaziyu ankalira golide pofunafuna mwamuna wake, kapena tsitsi la Sif, mulungu wina wamkazi, chifukwa Loki, kathyali wa pakati pa milungu, atamumeta mwachipongwe anakamusulitsira lina lagolide. Vuto lake ndi lakuti ngati nthano yake suidziwa, chining'acho sungachimasule. Ndi chifukwa chake Snorri Sturluson wa ku Iceland analemba buku lotchedwa Edda cha m'ma 1220. Dziko linali litalandira kale Chikhristu kuyambira cha m'ma 1000, achinyamata akuiwala nthano za milungu, ndakatulo zakale zikusanduka zosamveka. Zambiri zimene tikudziwa lero za Odin ndi Thor, mulungu wa mabingu wonyamula nyundo, zinatifikira kudzera mwa Mkhristu amene ankafuna kupulumutsa zining'a.

Mkulu wa Mpingo: Abale, ndalowa ndikuyesa ndi gulu la zolemba ndi chiyankhulo. Kodi lasanduka bawa liti? Khirisimasi ndi kubadwa kwa Ambuye, inu mukukamba za mowa ndi mafano.

Kachasu FC: Abambo, khalani pansi, pali Thor-bwa wa osamwa.

Malume Thobwa: Dzina langa mwalitenga opanda chilolezo.

Mwana wa Bergen: Abambo a mpingo, ndikulemekezani, koma nkhaniyi ikukukhudzani kuposa momwe mukuganizira. Kuno Khirisimasi mpaka lero amaitcha jul, dzina la chikondwerero chakale chachikunja cha pakati pa nyengo yozizira. Ndipo akale sankati "kukondwerera jul" ayi, ankati drekka jól, kumwa jul. Chikondwererocho ankachimwa. Ngakhale Odin limodzi mwa mayina ake ndi Jólnir.

Nambewe: Ndiwonjezere pamenepo, chifukwa apa ndi pamene pali mafuta. Mfumu Hákon, amene amamutcha Wabwino, analamulira Norway m'zaka za m'ma 900. Analeredwa ku England kwa mfumu Athelstan ndipo anabwerera kwawo ali Mkhristu, anthu ake akadali achikunja. Snorri akunena mu Heimskringla, buku lake la mbiri ya mafumu a Norway, kuti Hákon anakhazikitsa lamulo loti jul izichitika nthawi imodzi ndi Khirisimasi ya Akhristu, ndipo munthu aliyense afulule mowa wa muyeso woikika, apo ayi alipire chindapusa. Mvetserani mawu otsiriza a lamulolo: masiku opatulikawo azisungidwa kufikira mowa utatha. Kalendala yake inali mbiya.

Kachasu FC: Mfumu imeneyo n'chifukwa chake ankaitcha Wabwino.

Nambewe: Sizinathere pomwepo. Malamulo a Gulating, a kumadzulo kwa Norway komwe kuli a Mwana wa Bergenko, ali ndi gawo la malamulo a Chikhristu. Limati mwamuna ndi mkazi wake afulule mowa wa Khirisimasi ndi kuudalitsa poyamika Khristu ndi Mariya, kupempha chaka cha zokolola ndi mtendere. Wolephera ankalipira kwa bishopu. Wolephera zaka zitatu zotsatizana ankalandidwa chuma chonse, mfumu ndi bishopu n'kugawana pakati.

Mkulu wa Mpingo: Bishopu kulipiritsa munthu chifukwa sanafulule? Amayi, mwawerenga bwino?

Nambewe: Ndawerenga bwino abambo. Ndipo mawu aja a "zokolola ndi mtendere", til árs ok friðar, ndi omwewo amene Snorri akuti ankanenedwa pomwera milungu Njörðr ndi Freyr pa nsembe zachikunja. Mowa sunasinthe, mawu sanasinthe, anasintha ndi olandira.

Mkulu wa Mpingo: Ndiye ndi zomwe ndikunenazo. Kusakaniza.

Che Ndagi: Kusakaniza kapena kunyengerera? Amishonale akanabwera n'kuswa mbiya zonse tsiku loyamba, mukuganiza alimi aja akanawasiya amoyo? Ine ndikuona nzeru pamenepo, ngakhale nzeru yake ili ndi fungo la chimera.

Mwana wa Bergen: Amayi Nambewe, nenani ija ya mtanda ndi nyundo. Imeneyo ndimaikonda kuposa zonse.

Nambewe: Imeneyo ndi chining'a cha manja, osati cha pakamwa. Kunali phwando la nsembe ku Lade, lero ndi mbali ya mzinda wa Trondheim. Mwambo wake unali wakuti chikho choyamba n'cha Odin, kupempha chipambano ndi mphamvu za mfumu. Kenaka cha Njörðr ndi Freyr. Ena ankamwanso chotchedwa bragafull, ndipo potsiriza minni, chikho chokumbukira abale amene anatisiya. Tsono nduna yaikulu ya kumeneko, Sigurd, inadalitsa chikho choyamba m'dzina la Odin n'kupatsira mfumu Hákon. Mfumu inalandira n'kulemba chizindikiro cha mtanda pamwamba pake. Mkulu wina dzina lake Kár anadzuka: kodi mfumu ikuchitanji, ikukanabe nsembe? Zinthu zikanatha kuipa pomwepo. Sigurd osaphethira n'komwe anati, mfumu ikuchita monga amachitira onse odalira mphamvu zawo, yalemba nyundo ya Thor. Anthu anakhala pansi.

Kachasu FC: Sigurd ameneyo akanakhala lero bwenzi ali mneneri wa boma.

Naphiri wa ku Bristol: Koma nyundo ndi mtanda n'zofanana bwanji?

Mwana wa Bergen: Jambulani T m'malere ndi chala, achemwali, kenaka mujambule mtanda. Munthu amene wakhala kumapeto kwa nyumba yodzaza utsi, atamwa kale, asiyanitse bwanji?

Nambewe: Koma bodza la Sigurd linagwira usiku umodzi wokha. M'mawa mwake anthu anauza Hákon kuti adye nyama ya kavalo ya nsembe, anakana. Msuzi, anakana. Anagwirizana zoti angoyasamula pamwamba pa chogwirira cha mphika pomwe panali nthunzi ya mafuta, ndipo iye anayamba wakulunga nsalu pachogwiriracho. Palibe amene anakondwa. Pa jul yotsatira ku Mære anamukakamiza, anadya tizidutswa ta chiwindi cha kavalo n'kumwa zikho zonse wopanda kulemba mtanda.

Mkulu wa Mpingo: Munthu ameneyo ndamumvera chisoni. Ambiri timaudziwa mpando umenewo, ukakhala pa mwambo wa kumudzi onse akukuyang'ana ngati ulawe kapena ayi.

Che Ndagi: Chikho cha minni chija chandikumbutsa mowa umene timafulula pokumbukira malemu. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timathirako pansi.

Malume Thobwa: Tabwererani kwa Odin. Ndamva kuti iyeyo anaba mowa. Mulungu wanji wakuba?

Nambewe: Anabadi, koma sunali mowa wamba. Milungu inali m'magulu awiri, Æsir ndi Vanir, ndipo inamenyana. Popangana mtendere onse analavulira malovu mumtsuko umodzi. Kuchokera m'malovumo anaumba munthu, Kvasir, wanzeru kotero kuti panalibe funso lomukanika. Tianthu tiwiri tafupitafupi ta pansi pa nthaka, Fjalar ndi Galar, tinamupha, n'kukhetsera magazi ake m'ziwiya zitatu, n'kusakaniza ndi uchi. Unatuluka mowa wa uchi woti aliyense woumwa amasanduka mlakatuli kapena katswiri wa nzeru. Milungu itafunsa za Kvasir, tinayankha kuti watsamwa ndi nzeru zake zomwe chifukwa panalibe womufunsa mafunso.

Kachasu FC: Amayi Nambewe samalani, tizikufunsani pafupipafupi.

Nambewe: Iwe. Pambuyo pake tianthuti tinaphanso chimphona chotchedwa Gilling ndi mkazi wake. Mwana wawo Suttung anatitenga n'kukatisiya pathanthwe la pakati pa nyanja loti madzi akadzaza limamira. Tinadziwombola ndi mowa uja. Suttung anaubisa m'kati mwa phiri, mwana wake wamkazi Gunnlöð n'kukhala mlonda. Odin anabwera atadzitcha Bölverk, kutanthauza wochita zoipa. Anapeza akapolo 9 a Baugi, m'bale wa Suttung, akumweta udzu, n'kuwanolera zikwakwa zawo. Onse atasirira mwala wonolerawo anauponya m'mwamba, polimbirana anadulana makosi. Ndiye anauza Baugi kuti agwira yekha ntchito ya anthu 9, malipiro ake kamowa kamodzi. Suttung atakana, Baugi anaboola phiri, Odin n'kusanduka njoka n'kulowa. Anagona kwa Gunnlöð masiku atatu, analoledwa kumwa katatu, ndipo kumwa kulikonse ankagugudiza chiwiya chathunthu. Kenaka anasanduka chiwombankhanga n'kuthawa, Suttung naye chiwombankhanga pambuyo.

Naphiri wa ku Bristol: Mtsikanayo ndiye anamulakwira zedi.

Nambewe: Kwambiri, ndipo mu ndakatulo yakale yotchedwa Hávamál Odin amavomereza yekha kuti anamubwezera zoipa pa zabwino. Koma mapeto ake ndi awa. Milungu itaona chiwombankhanga chikubwera inatulutsa mitsuko, Odin n'kulavuliramo. Poti Suttung anali atatsala pang'ono kumugwira, mowa wina unatulukira kumbuyo. Umenewo palibe anaulondera, aliyense wofuna ankatunga. Snorri akuti limenelo ndi gawo la alakatuli osadziwa.

Che Ndagi: Eeee! Ndiye ambiri timawamva m'maukwati aja anatunga kumeneko.

Malume Thobwa: Che Ndagi, mukayang'ana kuno mundiuze.

Nambewe: Tsono onani mmene nthano imodziyi inabalira zining'a. Mlakatuli akafuna kunena "ndakatulo" amatha kunena magazi a Kvasir, chakumwa cha tianthu tija, mowa wa Suttung, cholanda cha Odin, ngakhale ngalawa ya tianthu tija, chifukwa mowawo ndi umene unatichotsa pathanthwe paja. Munthu aimirira pamaso pa mfumu n'kunena kuti mverani ngalawa ya tianthu, omvera onse n'kugwedeza mitu. Ena amanenanso kuti dzina la Kvasir n'lapachibale ndi kvas, chakumwa chosasa cha ku Russia ndi mayiko oyandikana nawo.

Kachasu FC: Tiyeni tipange zathu. Matsire: ngongole ya dzulo.

Malume Thobwa: Chipanda: bwato la masese.

Naphiri wa ku Bristol: January: mlamu wa December amene amabwera ndi sutukesi.

Che Ndagi: Chidakwa: woyeza msewu m'lifupi.

Mwana wa Bergen: Che Ndagi apambana. Koma ya matsire anzathu kuno anatitsogolera. Ku Denmark amati tømmermænd, kuno tømmermenn, kutanthauza akalipentala. Ukadzuka mutu ukugunda ndiye kuti akalipentala alowa ntchito m'mutumo. Ndipo mawu akuti gift amatanthauza wokwatira, amatanthauzanso poizoni.

Mkulu wa Mpingo: Imeneyo sindiyankha, amayi akunyumba ali pagulu lomweli.

Mwana wa Bergen: Ya Thor palibe wanena. Anapita kwa mfumu ya zimphona, Útgarða-Loki, akudzitama kuti pakumwa palibe womuposa. Anamupatsa nyanga n'kumuuza kuti katswiri amaimaliza kamodzi, ena kawiri, koma palibe wofooka woti n'kupitirira katatu. Thor anapapira mpaka mpweya kutha, poyang'ana, yangotsika pang'ono. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anakoka ndi ukali wonse, inatsikako koma osatha. M'mawa mwake ndi pamene anamuululira kuti nsonga ya nyangayo inali m'nyanja yamchere, ndipo kuphwa kwa madzi m'mphepete mwa nyanja kumene timaona kunayamba ndi iyeyo. Ulendo wonsewo unali masewera a mayina. Loki anapikisana kudya ndi Logi, dzina lotanthauza lawi la moto, ndipo Logi anadya nyama, mafupa ndi mbale yomwe. Mnyamata wa Thor anathamanga ndi Hugi, amene ndi ganizo. Thor analimbana ndi gogo wina dzina lake Elli, kutanthauza ukalamba, gogoyo n'kumugwaditsa bondo limodzi. Mayina onsewa anawauza poyera, iwo osamva.

Che Ndagi: Ndiye Thor ndi Ole Worm ndi pachibale. Onse awiri anagwa ndi nyanga.

Nambewe: Koma musamuyese wopusa nthawi zonse. Mu ndakatulo ya Alvíssmál kamunthu kena kotchedwa Alvíss, "wodziwa zonse", kanabwera kudzatenga mwana wamkazi wa Thor. Thor anati uyambe wandiuza mayina a zinthu m'mayiko onse. Dziko, thambo, mwezi, dzuwa, mphepo, nyanja, moto, kamunthuko kakuyankha monyadira. Funso lomaliza linali la mowa: anthu amati öl, milungu bjórr, a Vanir veig, zimphona madzi oyera, ku Hel, dziko la akufa, mjöðr, ana a Suttung sumbl. Pomaliza kutchula kunali kutacha, dzuwa linakawomba, kanasanduka mwala.

Kachasu FC: Kucheza za mowa mpaka kucha. Kuche kuche weniweni.

Malume Thobwa: Pamenepo mwakhudza ubale wathu ndi anthu amenewa. Fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968. Zidzukulu za ma Viking zinafika kwathu popanda nkhwangwa, zinangobwera ndi botolo lobiriwira.

Naphiri wa ku Bristol: Kunonso ku England anasiya mapazi. Kumidzi ya ku Somerset ndi Devon ali ndi mwambo wotchedwa wassail, ena amauchita pa 17 January. Amapita usiku m'minda ya maapozi, kuimbira mitengo, kumenya mapoto kuti mizimu yoipa ithawe, kuthira mowa wa maapozi pamizu ndi kupachika buledi wonyika m'mowawo panthambi. Dzinalo linachokera ku moni wakale, ves heill, khala wathanzi. Ndinapitako ndi anzanga akuntchito, kuzizira kwake mtengo womwewo ndimaumvera chisoni.

Mkulu wa Mpingo: Chabwino, ndamva zonse. Koma mundiuze chimodzi. Anthu amenewa analibe mawu oletsa? Zonse ndi kumwa basi?

Nambewe: Analipo abambo, ndipo akuthwa. Mu Hávamál muli mawu akuti mowa suli wabwino kwa ana a anthu monga amaunenera, chifukwa munthu akamamwa kwambiri amadziwa zochepa za maganizo ake. Palinso mbalame ya mtundu wa kakowa yotchedwa óminnishegri, kakowa wa chiiwalo, amene amauluka pamwamba pa phwando n'kumaba nzeru za anthu. Onani masewera ake: chikho chimene akumwa ndi minni, chikumbutso, koma mbalame ili padenga ndi ya óminni, kuiwala. Ndipo wolankhulayo ndi Odin mwini wake, akuti nthenga za mbalameyi zinamumanga iye kwa Gunnlöð.

Mkulu wa Mpingo: Mawu amenewo akufanana ndi a m'buku la Miyambo. Kakowayo ndimubwereka Lamulungu, koma sindinena kumene ndamutenga.

Mwana wa Bergen: Tenganinso uwu: öl er annarr maðr, mowa ndi munthu wina. Umapezeka m'nkhani ya ma Viking a ku Jomsborg. Mfumu Svein ya ku Denmark inawaitanira ku mowa wokumbukira malemu, n'kuwathirira wowawa kwambiri m'nyanga zikuluzikulu. Mwambo unali wakuti pa chikho choterocho munthu amalumbira poyera chimene adzachite. Mtsogoleri wawo Sigvaldi analumbira kuti pasanathe zaka zitatu akapha kapena kuthamangitsa Hákon jarl, wolamulira Norway, ndipo ameneyu ndi Hákon wina, mwana wa Sigurd wa nyundo uja. Anzake nawo anatsatira, aliyense kuposa mnzake. Kutacha anaona kuti pakamwa panathamanga, koma lumbiro la pachikho silinkabwezedwa. Anapita, anakagonja ku Hjörungavágr.

Kachasu FC: Ine sindiopa. Ndakweza chikho changa pano: a Mwana wa Bergen akabwera December uno, mbuzi yathunthu ndigula ine, gulu lonse lidye.

Malume Thobwa: Inenso ndilakatula ndakatulo ya ndime 20 pa phwandolo.

Che Ndagi: Malume, ya kutsogolo kwa chiwombankhanga kapena ya kumbuyo?

Adimini: Malumbiro onse awiri ndawajambula ndipo ndawakhoma pamwamba pa gulu. A Kachasu FC, mbuzi ikhale yamoyo tsiku logula ndipo tiione pa chithunzi. Malume, ndime 20 tazichepetsa, zikhale 4.